Ufa pa Thanthwe la Nyongani

"Ndafunsa funso limodzi, amake Rute. Nsalu yanu ya chipani ili kuti?"

"Ili m'bokosi."

"M'bokosi ndayang'anamo."

Kezia anaima pakhomo, tsache lili m'manja. Anayang'ana mwamuna wake, kenaka bokosi lamatabwa lomwe linali chitsegukire pakati pa nyumba, zovala zili mbwee pamphasa.

"Mwayamba liti kupisa m'bokosi la mkazi, abambo a Rute? Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tili pabanja, simunalikhudzepo."

"Ndayamba lero. Lachisanu lapitali anyamata a chipani atsitsa nsalu pamlongoti wa ku Nyongani. Yofiira, ya nkhope ya Mtsogoleri. Mphepo inaing'amba pakati penipeni pa nkhopeyo. Panopa ili m'manja mwa a tcheyamani, a Enoki."

"Ndiye m'dera lonse lino mkazi wa nsalu yofiira ndine ndekha?"

"Mkazi amene ali ndi mng'ono wake ku Nyongani, mwamuna wake n'kukhala mwini milongoti, ndinu nokha."

"Kapena mwaitenga ndinu. Mwakapatsa wina wake kumidzi kwanuko, lero mukufuna mlandu ugwere ine."

Yeremiya anakhala pampando, n'kudikira.

Linali Lolemba, pa 6 Febuluwale 1978. Yeremiya anali kalaliki wa galimoto pa mpingo wa Kamtsitsi, m'mapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi. Galimotoyo inali imodzi, landirova yobiriwira, ndipo inkatumikira midzi isanu. Inalibe nthawi yoikika ngati basi. Inkapita kumene yaitanidwa, kukatenga wodwala, maliro, kapena anthu a ulendo akakwana. Vuto linali kuitanako. Munthu ankayenda maola atatu wapansi kudzanena kuti kwawo kuli wodwala, mwina n'kupeza galimoto itapita mbali ina.

Chaka cha 1976 Yeremiya anaona kuti mapiri onse asanu a midziyo amaoneka munthu akaima pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Anaimika mlongoti wa nsungwi paphiri lililonse, n'kupatsa mudzi uliwonse nsalu ziwiri. Yoyera inkatanthauza kuti kuli a ulendo, angathe kudikira. Yofiira inkatanthauza kuti kuli wodwala, galimoto ibwere msanga. Iye ankakwera pachulu katatu patsiku, 6 koloko m'mawa, 12 koloko ndi 4 koloko madzulo, ndi magalasi oonera patali omwe m'busa wina wachizungu anasiya. Akaona nsalu ankauza dalaivala, Reinford, njira yoti adzere. M'zaka ziwiri palibe mayi wa midziyo amene anaberekera panjira.

Kezia anatsamiritsa tsache kukhoma, n'kutseka chitseko.

"Ndinabwereketsa mng'ono wanga Faines pa Khirisimasi," anatero motsitsa mawu. "Ndi woyembekezera, zovala zake zaleka kumukwana. Yake ya chipani amaisunga m'bokosi, yanga ndiyo amamanga pamimba."

"Nanga inakwera bwanji pamlongoti?"

"Tsiku lija mphiri inaluma a Sabina, anansi ake a Faines, m'munda wa fodya. Anthu atapita kukatenga nsalu yanu yofiira ija kudenga, anapeza chiswe chitadya. Pafupi pomwepo chofiira chinali chokhacho chimene Faines anavala. Anavula, n'kumangirira. Inu munaona chofiira, munatuma galimoto, a Sabina ali moyo. Mumati atani?"

"Ndimati atsitse galimoto itafika."

"Onse anathamangira wodwala. Mphepo inaing'amba n'kuikulunga pamlongoti, inu simunaionenso. Anakumbukira patapita masiku atatu, anyamata aja atafika kale."

Yeremiya anapukuta kumaso ndi dzanja. "Nsalu ija ili ndi chigamba m'mphepete. Munasoka ndi ulusi wakuda."

"Pamene chitseko cha landirova chinaing'amba, tikuchokera kumsonkhano ku Dowa."

"Anatsegula chitsekocho kuti muisolole ndani?"

"Reinford."

"Ndipo amene anafika ku Nyongani pa 31 Januwale, nsalu ikadali pamlongoti, ndi Reinford yemweyo. Dzulo titatuluka m'tchalitchi ndamuona pasitolo, a Enoki akumugulira tiyi ndi sikono."

"A Enoki sagulira munthu tiyi."

"Ndi zimenezo. Galu wamkota sakandira pachabe."

Lachitatu, pa 8 Febuluwale, Enoki anafika pa mpingo ndi anyamata anayi. Anali munthu wamfupi, wolankhula mofatsa, wa minda iwiri ya fodya ndi sitolo. Anapeza Yeremiya akutsika pachulu.

"A kalaliki, mwaswera bwanji? Kumwambako kwacha bwino?"

"Kwacha bwino, a tcheyamani. Lero kulibe nsalu."

"Tabwereke magalasiwo." Enoki anawatembenuza m'manja. "Ndi awa mumaonera mpaka ku Nyongani? Mpaka kumsewu waukulu? Ndiye kuti galimoto za boma zikamadutsa mumaziona."

"Ndimayang'ana milongoti basi."

"Ndikukhulupirira. Ine ndikukhulupirira. Koma ku boma akandifunsa kuti munthu uyu amaima paphiri katatu patsiku, midzi n'kumamuyankha ndi mbendera, akulankhula ndi yani, ndikayankha chiyani? Masiku ano zigawenga sizibwera ndi ng'oma."

"Ndi odwala, a tcheyamani. Amayi anu omwe tinawatenga ndi nsalu yofiira chaka chatha."

"N'chifukwa chake ndabwera ine mwini, osatuma apolisi." Enoki anapereka magalasi kwa mmodzi wa anyamata aja. "Mvetserani. Milongoti yonse isanu igwe lero. Galimoto iziyenda ndi kalata yanga. Wofuna galimoto abwere kusitolo, ndilembe. Zikhala choncho mpaka mwini nsalu ija apezeke. Akapezeka, milongoti yanu idzadzuka."

"Kuchokera ku Nyongani kufika kusitolo kwanu ndi maola atatu ndi theka."

"Makolo athu ankayenda. Lachinayi pa 23 azimayi onse a midzi isanu adzasonkhana pabwalo la sukulu, aliyense atavala nsalu yake. Amene adzabwere wopanda, tidzacheza naye." Anatembenukira kugalaja, kumene Reinford anali atagona pansi pa landirova. "A dalaivala, mawa m'mawa kuli matumba anga a feteleza ku Mponela. Kalata ndi iyi."

Reinford anatulutsa dzanja lamafuta, n'kulandira kalatayo osatulutsa mutu.

Loweruka, pa 11, Kezia ananyamuka m'mawa kupita ku Nyongani, atasenza dengu la masamba a maungu kuti aoneke ngati wongokacheza. Anapeza Faines atakhala pakhonde, miyendo itatupa. Mwamuna wake anali kuesiteti ya fodya ku Kasungu ndipo ankabwera kamodzi pa miyezi itatu. Pambali pake panali Sabina, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo, mwendo wake womangidwa nsanza.

"Achemwali, mwabwera kudzandimenya?" anatero Faines akuseka.

"Ndikadakumenya ukadakhala wekha m'thupimo."

"Ndikanena ndekha kwa a Enoki. Ndinavula ndine, ndinamanga ndine."

"Ukanene, akakuike m'chitokosi ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu? Khala pansi. A nesi anati chiyani?"

"Anati tsiku ndi kumapeto kwa Malichi. Anati ndisayerekeze kuchirira pakhomo, chifukwa cha zija za ulendo watha."

Za ulendo wathazo onse ankazidziwa. Chaka cha 1975, milongoti isanaimikidwe, Faines anataya mwana woyamba pa ngolo, ndipo iye mwini anatsala pang'ono kutsatira.

"Bwanji upite kuchipatala ku Mtengowanthenga lero lomwe, ukadikirire konko?" anafunsa Kezia.

"Ndikadye chiyani milungu isanu ndi umodzi? Nkhokwe mwaiona. Komanso ndikachoka tsiku la nsalu lisanafike, anena kuti ndathawa. Ndipita pa 10 Malichi."

"Mwana sawerenga kalendala," anatero Sabina.

Kumtunda kwa mudzi kunali thanthwe lalikulu lakuda, lopendekera kumadzulo, ndipo pamwamba pake dzenje la mlongoti linali likadali ndi dothi lofiira.

"Thanthwe lija limaoneka tikaima pakhomo pathu," anatero Kezia. "Popanda magalasi. Nyengo ya chilimwe ndimaona mukamayanika ufa."

Sabina anamuyang'ana. "A tcheyamani aletsa nsalu."

"Sanaletse kuyanika ufa."

"Mwezi uno ndani angayanike ufa pathanthwe, mvula ili m'mwamba?"

"Palibe. N'chifukwa chake tikaona choyera tidzadziwa kuti ndi Faines."

Sabina anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndili ndi lichero limodzi ndi theka. Ndisunga. Moyo uno anandipatsa ndi mwanayu."

"Koma zisatuluke pakhomo pano. Tikudziwa ndife atatu ndi abambo a Rute."

"Nanga a dalaivala?" anafunsa Faines. "Si iwo adzabwere?"

"Adzabwera akadzauzidwa. Asadziwe chifukwa chake."

"A Reinford ndi munthu wabwino, achemwali. Tsiku lija ananyamula a Sabina kumsana kuchokera kudambo."

"Munthu wabwino amamwa tiyi wa a Enoki?"

Faines anayang'ana kuthanthwe.

Milungu iwiri yotsatira landirova inayenda ndi makalata. Inapita ku Mponela katatu kukatenga feteleza, ku Dowa kawiri ndi akuluakulu a chipani, ndiponso kamodzi kukatenga malata. Pa 15 bambo wina wa m'mudzi wa kuseri kwa mtsinje anafika kusitolo 2 koloko masana kudzapempha kalata ya mkazi wake wodwala chibayo. Anauzidwa kuti galimoto yapita, abwere mawa. Yeremiya analibe chochita pantchito. Ankasesa m'galaja, ndipo 6 koloko, 12 koloko ndi 4 koloko ankatuluka ngati wokataya madzi, n'kuyang'ana kum'mawa. Thanthwe linali lakuda.

Lachisanu, pa 17, Reinford anamupeza ali chiimire choncho.

"Akulu, khosi lidzakupwetekani."

"Ndikuyang'ana mvula."

"Mvula ya chaka chino ikuchokera ku Nyongani kokha?" Reinford anapukuta manja ndi kansanza. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, wochokera ku Ntchisi, ndipo pa mpingopo analibe m'bale. "Mlamu wanu uja ali bwanji? Masiku ayandikira."

"Ali bwino."

"Ngati pali chimene mwapangana, ndiuzeni. Ine ndimadutsa m'munsi mwa phiri lija pafupipafupi."

"Tapangana chiyani? Lamulo ndi kalata ya a tcheyamani. Ine ndimatsata lamulo."

"Sindikukana. Ndangoti mnzako akapsa ndevu, m'zimire."

"Ndevu zanga sizikupsa, a Reinford. Tiyi wa kusitolo akukoma?"

Reinford anamuyang'ana nthawi yaitali. "Shuga amachepa," anatero, n'kubwerera kugalimoto.

Madzulo ake Yeremiya anafotokozera mkazi wake mawu onse monga anayankhulidwira.

"Wati mwapangana," anatero Kezia. "Wadziwa bwanji kuti pali chopangana?"

"Akuponya mbedza. Amutuma."

"Nanga bwanji sananene za chigamba mpaka lero?"

"Akudikira pa 23. Mbuzi amagulitsa tsiku la msika."

Kezia anayesa kupeza nsalu ina. Anapita kwa mkazi wa mphunzitsi, amene ankadziwika kuti ali nazo ziwiri, koma atafika anangopempha mchere n'kubwerera. Kufunsa nsalu mwezi umenewo kunali kudziulula. Azimayi a pa Kamtsitsi anali atayamba kuchapa nsalu zawo za chipani n'kuziyanika kutsogolo kwa nyumba kuti odutsa aone. Pachingwe cha Kezia panali malaya a mwamuna wake okha, ndipo anthu ankachedwa podutsa.

Lachitatu, pa 22, Yeremiya anabwera kunyumba masana, n'kuvala jekete lake la kutchalitchi.

"Mukupita kuti?"

"Kusitolo. Ndikanena kuti nsalu ya ku Nyongani itadyedwa ndi chiswe ndinatenga yanu m'bokosi inu osadziwa, n'kuitumiza, osaganiza za nkhope."

"Mukanama pamaso pa chipani, inu mkulu wa mpingo?"

"Mawa mukaima pabwalo opanda nsalu. Akakufunsani kamodzi, mukana. Akakufunsani kachitatu, anyamata aja atagwira ndodo, mutchula Faines. Sindikukunyozani, aliyense angatchule. Ndikanena ine, mlandu uthera pa ine, ndipo milongoti idzuka. Anatero okha."

"Mukukhulupirira mawu a Enoki?"

"Ananena pamaso pa anthu."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, abambo a Rute. Galimoto ija yamukomera. Milungu iwiri feteleza wake wayenda ulele. Mukuganiza kuti akufuna mwini nsalu? Akufuna asapezeke."

"Ndiye ndimupezera."

Enoki anamvetsera ali kuseri kwa kauntala, akuyeza mchere. Sanadabwe, ndipo sanakondwe.

"Mwachita bwino kubwera nokha, a kalaliki. Mawa 7 koloko tipita ku boma mukafotokoze komweko. Mutenge bulangete."

"Nanga milongoti?"

"Tidikire yankho la ku boma."

"Munati mwini nsalu akapezeka."

"Ndinati akapezeka. Inu mwadzipeza nokha. Ndi zosiyana. Akazi anu abwere pabwalo mawa, azimayi anzawo akawalangize kasungidwe ka nsalu."

Lachinayi m'mawa kunacha ndi mitambo. Yeremiya anaima pakhomo, bulangete lili m'khwapa, n'kuyang'ana kum'mawa. Inali 6 koloko. Thanthwe linali lakuda.

"Kuyambira lero woyang'ana ndinu," anatero. "M'mawa, masana, madzulo. Musaphonye."

"Pabwalo la sukulu phiri silioneka. Lili kuseri kwa mabulugamu."

"Akusungani ola limodzi kapena awiri. Faines akhala pomwepo ndi azimayi a kwawo, mumuona ndi maso." Anazengereza. "Mwina timuuze Reinford."

"Amene akukuperekezani ku boma?"

"Watumidwa."

"Wakhala akutumidwa mwezi wonse. Timuuze m'mawa, masana Enoki akhale atadziwa kuti tapanga mbendera ina. Pamenepo sadzakusungani sabata, adzakusungani zaka, ndipo a Sabina adzalowa nawo."

Yeremiya anagwedeza mutu. "Mwanena zoona."

Landirova inafika 7 koloko, Enoki ali kutsogolo. Reinford anatsika, n'kutsegula chitseko cha kumbuyo. Potseka anayang'ana Kezia ngati akufuna kunena kanthu. Kezia anayang'ana pansi.

Pabwalo la sukulu panasonkhana azimayi oposa mazana awiri, onse ofiira. Azimayiwo anakhazika Kezia pakati, padothi, atavala diresi lake la buluu. Wapampando wa amayi analankhula za ulemu. Ena anaimba. Wina anamufunsa ngati bokosi lake lili ndi loko, anthu n'kuseka. Kezia sankamva. Ankayang'ana m'mizere ya azimayi a ku Nyongani, omwe anafika mochedwa chifukwa cha mtunda. Faines panalibe. Sabina panalibenso.

Mayina akuitanidwa, mayi wina wa ku Nyongani anayankha kuti Sabina mwendo sunapole, ndipo Faines anadzuka ndi msana, koma nsalu zawo wabwera nazo. Anazionetsa, mlembi n'kuchonga.

Kezia anadzuka. "Ndipite kuseri pang'ono."

"Khalani pansi, mayi. Amene wasonkhanitsa anthu onsewa ndinu."

Inali 11 koloko. Anapemphanso 1 koloko, akulira, anthu n'kumati manyazi amugwira. Pambuyo pa malangizo panali kuyeserera magule a mwezi wamawa. Anamumasula itadutsa 4 koloko, mvula itayamba kuwaza.

Anathamanga mpaka kupitirira mabulugamu. Kum'mawa, pathanthwe la Nyongani, panali choyera chachikulu ngati mphasa zitatu, ndipo m'munsi mwake chinali chitayamba kutsetsereka.

Landirova inali m'galaja. Reinford anali kutsuka matope kumateyala.

"A Reinford, Faines. Tiyeni ku Nyongani."

"Wabwera ndani kudzanena?"

"Palibe. Taonani thanthwe."

Reinford anatuluka, n'kuyang'ana. Chidebe chinali chikadali m'manja mwake.

"Ufa uja?"

"Ndi chizindikiro. Tinapangana."

Anaika chidebe pansi mosamala. "Kwerani."

"Kalata tilibe."

"A tcheyamani atsala ku Dowa, abwera mawa. Kwerani, mayi."

Ananyamuka 4:20. Msewu unali woterera, ndipo Reinford anayamba kulankhula atawoloka mtsinje woyamba.

"Ndinadutsa m'munsi mwa thanthwe lija 12:30," anatero, maso ali pamsewu. "Ndikuchokera ku boma, ndekha, galimoto yopanda kanthu. Ndinauona ufawo. Ndinachepetsa liwiro. Ndinati, ndani wopenga akuyanika ufa mwezi wa njala, mitambo ili chonchi? Kuchokera pamphambano paja kufika m'mudzi ndi mphindi khumi."

Kezia anagwira chitsulo cha kutsogolo kwake ndi manja awiri.

"Ndinawafunsa amuna anu Lachisanu. Lero m'mawa ndinafuna kufunsa inu."

"Tinkaopa."

"Mumaopa ine."

"Munkamwa tiyi ndi a Enoki."

"Tcheyamani akakuitana, umakana? Anandiitana kanayi. Kanayi konse anayala nsalu ija pakauntala, n'kundionetsa chigamba cha ulusi wakuda, kuti a dalaivala, inu mumanyamula azimayi onse a dera lino, simukuidziwa? Ndinati sindikudziwa. Chitseko chimene chinaing'amba ndi chomwe mwatsamiracho. Pa 31 Januwale ndinapeza mng'ono wanu ali ndi diresi lokha m'munsi mwa mlongoti, akunjenjemera. Ndikadafuna kugulitsa munthu, ndikadadikira masiku makumi awiri ndi atatu?"

"Bwanji simunatiuze kuti mwakana?"

"Ndikadauza yani? Amuna anu akandiona ankasiya kulankhula. Ndinayamba kuganiza kuti mwina a Enoki awatuma kuti andiyese ine."

Anakumana nawo 5:05, pamtunda wa makilomita awiri kuchokera m'mudzi. Amuna anayi okalamba, amene sanapite kuminda, anali atanyamula Faines pamachira a nsungwi ndi bulangete. Nsungwiyo inali mlongoti womwe uja, atauduladula. Sabina ankatsimphina pambuyo, ufa uli m'manja mpaka m'zigongono, atafukata kanthu m'nsalu.

"Ndinayala 10 koloko," anatero Sabina. "Ndinakwawa ndi mawondo kukwera thanthwe. Wanga utachepa ndinatenga wa Faines, ndi wa nyumba zina ziwiri. Tinamva galimoto masana ikudutsa m'munsi. Tinati yafika."

"Mwana?"

"Wamkazi. Akupuma. Koma mayi ake magazi sakuleka kuyambira 2 koloko."

Anamugoneka kumbuyo, mutu uli pamiyendo ya Kezia. Faines anatsegula maso.

"Achemwali, munauona?"

"Ndinauona."

"Ndinawauza a Sabina kuti alamu saphonya. Katatu patsiku." Anapuma. "Ufa wa eni ake uja mudzabweze."

"Tidzabweza. Usalankhule."

Reinford anayendetsa mmene sanayendetserepo. Faines anasiya kupuma 6:15, magetsi a chipatala cha Mtengowanthenga akuoneka patsogolo. Anamwino analandira mwana, n'kumuika pofunda. Analemera makilogalamu awiri. Kuchokera 12:30 kufika 4:20 ndi maola atatu ndi mphindi makumi asanu.

Maliro anali Loweruka, pa 25. Yeremiya sanakhalepo. Uthenga unamupeza m'chitokosi ku boma, ndipo anamutumiza kwina pa 2 Malichi, osauzidwa tsiku lobwerera. Milongoti sinadzuke. Kezia anatenga mwana wa mng'ono wake, ndipo mkaka wa m'chitini ankabwera nawo ndi Reinford, n'kuusiya pakhonde osagogoda.

Mvula ya sabata imeneyo sinachotse ufa wonse. Unalowa m'ming'alu ya thanthwe n'kuuma, kusiya mzere woyera kuchokera pamwamba mpaka pansi, wooneka bwino kuchokera pa Kamtsitsi.

Lolemba, pa 6 Malichi, Enoki anafika kugalaja ndi kalata ya ulendo wa ku Mponela. Kezia anali kudutsa ndi ndowa pamutu, mwana ali kumsana. Enoki anaima, n'kuphimba maso ndi dzanja, akuyang'ana kum'mawa.

"A dalaivala, choyera chija pa Nyongani n'chiyani? Chakhalapo masiku angapo tsopano."

Kezia anaima. Madzi anatayikira pang'ono paphewa pake.

Reinford analandira kalata, n'kuipinda kawiri, n'kuiika m'thumba la malaya.

"Sindikudziwa, a tcheyamani."